Mmene mungakonzere pamodzi nkhani ndi atengambali a masewera a achifwamba a panyanja

Masewera a RPG ndi aja anthu angapo amakhala pamodzi, kaya pa tebulo kaya pa intaneti, aliyense n'kutenga mbali ya munthu mmodzi wa m'nkhani, kumuyankhulira ndi kumusankhira zochita. Mmodzi amakhala wotsogolera: iye ndiye amafotokoza nyanja, madoko, adani ndi anthu ena onse okumana nawo paulendo. Pamene zotsatira za chochita sizikudziwika, madayisi ndiwo amagamula. Masewera oterewa anayamba kufala mu 1974 pamene Dungeons & Dragons inatuluka, ndipo magulu ambiri anazolowera kuti wotsogolera azikalemba yekha nkhani yonse, anzake n'kungobwera kudzayendamo.

Pa nkhani ya achifwamba a panyanja, njira imeneyo ine ndimaikana. Chombo cha achifwamba chinali malo amene anthu ankavota, kukangana, kugawana zofunkha, ngakhale kuchotsa kaputeni akaona kuti sakuwapindulira. Nkhani yake ikalembedwa ndi munthu mmodzi imauma. Koma chimene mukonze pamodzi si mathero ayi. Mukonze ngongole, mikangano ndi zosowa zimene zidzabale nkhaniyo inu mukusewera.

Kumanani kaye tsiku losasewera

Nkhanga zinapangana kusanache. Patulani tsiku limodzi loti mungokambirana, madayisi ali m'thumba. Maola atatu amakwana. Gulu labwino ndi la anthu anayi kapena asanu kuphatikiza wotsogolera. Mukachuluka kuposa pamenepo ena amayamba kukhala chete, nkhani n'kutsalira kwa olongolola awiri. Yalani pepala lalikulu limodzi pakati panu, kapena ngati muli motalikirana tsegulani chikalata chimodzi pa intaneti choti aliyense azilembamo. Chimene sichinalembedwe papepalapo ndiye kuti simunagwirizane.

Yambani ndi mtundu wa nkhani. Wina akamva za achifwamba amaganiza za kuseka ndi kulendewera pa zingwe, lupanga lili m'manja. Wina amaganiza za njala, chiseyeye ndi chingwe chonyongera. Wina akufuna mizukwa ndi zilombo za pansi pa nyanja. Palibe wolakwa pa atatuwa, koma sangakwere chombo chimodzi asanamvane. Aliyense anene zinthu ziwiri zimene akufuna kuona ndi chimodzi chimene chingamutopetse. Mumvanenso ngati mtengambali angafe chifukwa cha dayisi limodzi logwa moipa, komanso kuti mudzakumana kangati. Kwa oyamba kumene ndimalangiza nkhani yoti ithe mutakumana kasanu ndi kamodzi. Yopanda malire imakonda kufera m'njira.

Kenako pali nkhani yolemera imene simuyenera kuilumpha. Nyanja za nthawi ya achifwamba zinali zodzaza ndi zombo zonyamula akapolo. Queen Anne's Revenge, chombo chotchuka cha Blackbeard, poyamba chinali cha anthu a ku France chotchedwa La Concorde, ndipo Blackbeard anachigwira mu 1717 chili ndi anthu ogwidwa ku Africa m'kati mwake. Whydah ya Samuel Bellamy nayonso inali yonyamula akapolo. Achifwamba ankalandira anthu akuda ena ngati anzawo a m'chombo, ena n'kuwagulitsa ngati katundu. Panalinso kuzunza ogwidwa ndi kugwirira akazi. Funsanani poyera: n'ziti zimene sizilowa m'nkhani yathu mpang'ono pomwe, n'ziti zimene tingazitchule koma osazionetsa, n'ziti zimene tikufuna kulimbana nazo mosabisa? Wokana chinthu asafunsidwe chifukwa chake. Sankhaninso chizindikiro, kaya kukweza dzanja kaya liwu limodzi, choti munthu aimitsire chochitika chimene chamukhudza moipa. Chizindikirocho chikaoneka, wotsogolera asinthe nkhani nthawi yomweyo.

Sankhani nyanja ndi chaka

Musati "kalekale, panyanja ina yake". Tchulani nyanja, tchulani chaka. Mbiri yeniyeni imakupatsani mavuto amene panokha simukanawaganiza, ndipo ngakhale mutafuna dziko lopeka lamatsenga, maziko ake atengeni ku nthawi ina imene inakhalakodi.

Nyanja yoyamba yoti muiganizire ndi ya Caribbean mu 1718. Nkhondo yaikulu ya mayiko a ku Ulaya itatha ndi pangano la ku Utrecht mu 1713, amalinyero ambirimbiri anachotsedwa ntchito. Mu 1715 namondwe anamiza zombo za Spain zonyamula siliva pagombe la Florida, anthu n'kuthamangirako kukatola, ndipo ena mwa iwo sanabwererenso ku ntchito yolungama. Doko la Nassau ku Bahamas linasanduka mudzi wawo. Mu September 1717 mfumu George I ya ku Britain inalengeza chikhululukiro kwa wachifwamba aliyense wodzipereka pofika 5 September 1718, ndipo mu July 1718 Woodes Rogers anafika ku Nassau ngati bwanamkubwa, chikhululukiro kudzanja ili, chingwe kudzanja linalo. Benjamin Hornigold analandira chikhululukirocho n'kuyamba kusaka anzake akale. Charles Vane anakana. Usiku anayatsa chombo n'kuchilozetsa ku zombo za mfumu, iye n'kuthawa.

Yachiwiri ndi nyanja yaikulu ya India m'zaka za m'ma 1690. Achifwamba ankapumira pa chilumba cha Sainte-Marie kufupi ndi Madagascar, n'kumakadikirira zombo zochokera ku Red Sea. Mu 1695 Henry Every anagwira Ganj-i-Sawai, chombo cha mfumu Aurangzeb ya ku India chimene chinanyamula anthu obwerera kuchokera ku Mecca. Mkwiyo wa mfumuyo unagwera amalonda Achingerezi a pa doko la Surat ku India, amene anatsekeredwa, pamene Every mwiniwake anazimiririka osagwidwa. Kumeneko wolamula ulendo ndi mphepo: cha mu November mpaka March imachokera kumpoto chakum'mawa, miyezi inayo n'kutembenuka. Mukachedwa kunyamuka mudikira miyezi yambiri padoko limene mwina simukufunidwa.

Yachitatu ndi gombe la kumwera kwa China, kumene Zheng Yi Sao, mwamuna wake atamwalira mu 1807, anatsogolera zombo mazanamazana mpaka anakambirana ndi boma n'kukhululukidwa mu 1810. Imeneyi ndi ya gulu lokonda ndale ndi nkhondo zikuluzikulu.

Votani. M'malangizo ano nditsata Nassau ya 1718, chifukwa chikhululukiro chija chimagawa anthu a m'chombo pawiri musanachite chilichonse, ndiponso chili ndi tsiku lothera.

Chombo chiyambe, anthu pambuyo

Apa ndi pamene magulu ambiri amaphonya. Aliyense amabwera ndi mtengambali wake womaliza kale, wa mbiri ya masamba atatu, ndipo akakumana palibe chowamanga pamodzi. Chimene chimawamanga ndi chombo. Amagona mmenemo, amadya ndi chimenecho, ndipo pakati pa nyanja palibe angachokemo ngakhale atadana.

Achifwamba ambiri a ku Caribbean ankayenda m'zombo zazing'ono za mlongoti umodzi, zaliwiro, zotha kulowa m'madzi osaya mmene chombo chankhondo chingakakamire pamchenga. Chachikulu cha mizinga 40 ngati cha Blackbeard chimaopsa, koma chimafuna khamu la anthu oti adye ndi kumwa tsiku ndi tsiku. Yambani ndi chaching'ono kuti mukhale ndi cholakalaka.

Zungulirani tebulo, aliyense ayankhe funso limodzi, ena asamudule pakamwa. Tinachipeza bwanji? Ndani akufuna kuchilanda? Chili ndi chilema chanji? Muli chiyani m'kati mwake chimene amalinyero ambiri sakuchidziwa? Dzina mupatse nonse. Tiyerekeze gulu lina layankha motere. Chombo ndi Mkazi Wamasiye. Chinali cha wamalonda wa ku Jamaica amene amalinyero ake anamuukira. Mlamu wa wamalondayo ndi msilikali wamkulu pa chombo cha mfumu. Matabwa a pansi adyedwa moti madzi amalowa. Ndipo pansi pa chipinda cha kaputeni pali makalata osonyeza kuti munthu wina wolemekezeka amagula katundu wakuba.

Chilemacho musachipeputse. M'madzi ofunda nyongolotsi za m'nyanja zimaboola matabwa, ndere ndi tinkhono n'kumamatirira pansi mpaka chombo chimachepa liwiro. Pakapita miyezi ingapo ankachikokera pagombe, kutsitsa mizinga ndi katundu, kuchigoneka chammbali n'kumachipala ndi kumata. Masiku onsewo sangathawe, sangamenye nkhondo. Wotsogolera wanzeru amasunga mdani wake kuti afike nthawi imeneyo.

Papepala lija jambulani mizere itatu ya timabokosi: madzi akumwa, chakudya, onga. Sabata iliyonse ya ulendo dulani kabokosi kamodzi pa madzi ndi chakudya, nkhondo iliyonse kamodzi pa onga. Madzi akatsala pang'ono, gulu limasankha lokha kulowa doko loopsa popanda wowakankha.

Lembani malamulo a m'chombo

Ili ndilo phata la ntchito yonse, choncho musalithamangire. Achifwamba ankalemba pangano limene wolowa m'chombo ankalumbirira n'kusayina kapena kuika chizindikiro chake. La anthu a Bartholomew Roberts, amene anaphedwa mu February 1722 kufupi ndi Cape Lopez, pagombe la kumadzulo kwa Africa, likudziwika bwino. Munthu aliyense anali ndi voti pa nkhani zikuluzikulu. Juga ya ndalama, kaya ya makadi kaya ya madayisi, inali yoletsedwa. Nyali zinkazimitsidwa 8 koloko usiku, wofuna kupitiriza kumwa akamwere pamwamba pa chombo. Kumenyana m'chombo kunali kosaloledwa. Okangana ankatsitsidwa kumtunda kuti akathane ndi mfuti ndi lupanga. Wobisa kanthu pa zofunkha za gulu ankasiyidwa pamalo opanda anthu. Kaputeni ndi wogawa zofunkha ankalandira magawo awiri aliyense, akuluakulu ena gawo limodzi ndi theka kapena limodzi ndi kotala, munthu wamba gawo limodzi. Woduka mwendo kapena mkono pa ntchitoyo ankapatsidwa ndalama zasiliva 800 kuchokera m'thumba la onse. Oimba ankapuma tsiku la Sabata.

Taonani mmene mphamvu zinagawidwira. Kaputeni ankalamula popanda womutsutsa pa nthawi yothamangitsa chombo ndi ya nkhondo basi. Nthawi zina zonse wogawa zofunkha, amenenso ankasankhidwa ndi gulu, ndiye ankasunga katundu, kuweruza timilandu ndi kuyankhulira anthu wamba. Ndipo kaputeni ankatha kuchotsedwa. Mu November 1718 Charles Vane anakana kumenyana ndi chombo chankhondo cha France. Posakhalitsa anthu ake anamutcha wamantha, kuvota, n'kuika John Rackham, yemwe anali wogawa zofunkha. Chikhalirecho Vane mwina ankaona patali, poti chombo chija chinali champhamvu kuposa chawo. Mkangano wokoma kusewera ndi wotero, woti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo.

Tsopano lembani anu, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, osapitirira. Wosewera aliyense apereke limodzi, gulu livote. Ndipo nali langizo limene ndimaliona lofunika kuposa onse m'malangizo ano: aliyense apereke lamulo limene akudziwa kuti mtengambali wake tsiku lina adzafuna kuliphwanya. Lamulo limene palibe angayesedwe nalo limangodzaza pepala. Anthu a Mkazi Wamasiye akhoza kulemba kuti wodzipereka osamenya nkhondo saphedwa. Kuti palibe wolandira chikhululukiro payekha, alandira onse kapena akana onse. Kuti akagwira chombo cha akapolo sagulitsa munthu, ngakhale m'chombo muli njala. Lamulo lililonse likhale ndi chilango chake cholembedwa. Poti atengambali sanapangidwe, mungadabwe kuti munthu adziwa bwanji chimene chidzamuyese. Ndi dala. Akapereka lamulo, mtengambali amayamba kuoneka m'maganizo mwake, ndipo amabadwa ali kale ndi pomupwetekera.

Nanga kaputeni akhale ndani? Poyamba akhale m'manja mwa wotsogolera: munthu wokalamba, wodwaladwala kapena wokayikitsa, amene mpando wake ukugwedezeka. Wosewera mmodzi akakhala kaputeni kuyambira tsiku loyamba amayamba kulamula anzake enieni, osati atengambali okha, ndipo ena amagwa ulesi. Mpandowo ukhale woti adzaulimbirane m'kati mwa nkhani. Wogawa zofunkha ndiye akhale wosewera.

Atengambali apangidwe onse akumva

Palibe wopita pambali kukalemba yekha. Aliyense anene, ena amve, afunse. Yambani ndi ntchito za m'chombo kuti anthu awiri asaphangirane malo amodzi: wodziwa njira, woomba mizinga, kalipentala, dokotala, wogawa zofunkha, woyang'anira zingwe ndi matanga. Ntchito iliyonse ili ndi mphamvu yakeyake. Wodziwa njira wa nthawi imeneyo ankatha kuyeza ndi dzuwa kuti ali kumpoto kapena kumwera motani, koma za kum'mawa ndi kumadzulo ankangoyerekeza poona liwiro ndi maola amene ayenda. Choncho akanama, womugwira bodza ndi wosowa. Madokotala ndi akalipentala anali ochepa moti achifwamba ankawatenga mokakamiza pa zombo zimene agwira.

Kenako mafunso anayi kwa mtengambali aliyense. Unafika bwanji pansi pa mbendera yakuda? Ukufuna chiyani chimene ndalama yokha singagule? N'chiyani chimene sungachite ngakhale atakuloza mfuti? Chikhululukiro cha mfumu ukuchiona bwanji? Yankho likhale chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Mbiri yaitali siisiyira anzanu polowera.

Musaope kuti mtengambali wanu ndi wachilendo. Stede Bonnet anali mwini minda wolemera wa ku Barbados, wosadziwa za panyanja, amene mu 1717 anagula chombo ndi ndalama zake n'kumalipira anthu ake malipiro. Ananyongedwa ku Charleston, doko la ku America, mu December 1718. Anne Bonny ndi Mary Read anamenya nkhondo m'chombo cha Rackham, anaweruzidwa ku Jamaica mu November 1720, n'kupulumuka chingwe chifukwa ananena kuti ndi oyembekezera.

Tibwerere ku Mkazi Wamasiye. Tom ndi kalipentala wotengedwa mokakamiza. Ali ndi mkazi ndi mwana ku Bristol, ku England, ndipo chikhululukiro amachilota usiku. Kofi ndi woomba mizinga amene anathawa m'munda wa nzimbe ku Jamaica. Chikhululukiro cha mfumu chimafafaniza mlandu wa uchifwamba, koma sichimasula kapolo. Akatsikira kumtunda, amene amadzitcha mbuye wake adzamufuna. Mantha akewo si opeka: anthu akuda ambiri a m'zombo za Roberts atagwidwa mu 1722 anagulitsidwa ukapolo. Inês ndi wodziwa njira amene akufuna chombo chakechake, ndipo sangavomere kusiya munthu pachilumba chifukwa bambo ake anafa imfa yotero. Marc, wogawa zofunkha, ali ndi ngongole kwa munthu wolemekezeka uja wa m'makalata.

Anthu anayiwa sanamangidwe pamodzi mpaka mutachita chotsatirachi. Aliyense atembenukire kwa wa kumanzere kwake n'kunena chimene mtengambali wa mnzakeyo anamuchitira chimene sanabweze. Kenako atembenukire kwa wa kumanja n'kunena chimene akumukayikira nacho. Wouzidwayo ali ndi ufulu wovomera, wosintha kapena wokana. Tiyerekeze wosewera Tom wanena kuti Kofi anamuvuula m'madzi pa namondwe. Basitu nkhani yabadwa, wotsogolera asanalembe ndi liwu limodzi lomwe: Tom akufuna chikhululukiro chimene chingabwezere ku ukapolo munthu amene anapulumutsa moyo wake, ndipo lamulo la m'chombo likuti alandira onse kapena akana onse.

Za zinsinsi, maganizo anga ndi akuti zibisike kwa atengambali koma osati kwa osewera. Onse pa tebulo akadziwa kuti Marc ali ndi ngongole, wosewera Inês akhoza kufunsa funso loyenera pa nthawi yoyenera, onse n'kumva kukoma kwake. Chinsinsi chodziwa munthu mmodzi ndi wotsogolera chimasangalatsa awiri okhawo, ndipo chikaululika mochedwa ena amamva ngati apusitsidwa.

Madoko ndi adani

Pano musachedwepo. Jambulani mapu osavuta: madoko atatu ndi chilumba chimodzi chobisalako. Wosewera aliyense atchule munthu mmodzi wa padoko lina amene amamukhulupirira kapena kumuopa. Adani atatu akwana: wa boma, wachifwamba mnzawo, ndi wamalonda. Gulu linene kuti mdani aliyense akufuna chiyani. Wotsogolera yekha akalembe kunyumba chimene mdaniyo achite poyamba, kachiwiri ndi kachitatu ngati palibe womuletsa, ndipo sabata iliyonse ya m'nkhani amusunthe kamodzi, kaya osewera akumuona kaya ayi.

Anthu enieni a m'mbiri monga Rogers, Hornigold ndi Vane azioneka mwa apo ndi apo. Mdani wa tsiku ndi tsiku akhale wopeka, ngati mlamu uja, kuti osewera athe kumugonjetsa kapena kugwirizana naye popanda wina kutsutsa kuti sizinachitike choncho. Mumvanenso ngati mbiri ingasinthe m'manja mwanu. Ine ndimati isinthe.

Tsatanetsatane wa nkhani akhale mafunso

Werengani mokweza zonse zimene zili papepala, n'kutulutsamo mafunso atatu kapena anayi amene palibe mmodzi wa inu akudziwa yankho lake, wotsogolera yemwe. Kodi Mkazi Wamasiye alandira chikhululukiro tsiku la 5 September lisanadutse? Makalata aja agulitsidwa, atenthedwa kapena aperekedwa kwa bwanamkubwa? Kaputeni wokalamba akagwa, alowe m'malo ndani? Mafunso amenewa ndiwo tsatanetsatane wanu. Wina akayamba kunena kuti pamapeto pake Tom adzapereka anzake, muimitseni mwaulemu n'kusandutsa mawu akewo funso: kodi Tom angapereke anzake kuti akaone mwana wake? Yankho likapezeke pa tebulo.

Ulendo uliwonse ubadwe ku chosowa. Mu May 1718 Blackbeard anatseka doko la Charleston kwa masiku angapo, kugwira zombo ndi anthu olemekezeka, ndipo chimene anafuna kuti awamasule ndi bokosi la mankhwala. Zofunkha zambiri sizinali golide ayi, koma nsalu, shuga, fodya, vinyo, zingwe ndi matanga. Katundu wotere amafuna wogula wosafunsa kumene wachokera, ndipo wogulayo amatsitsa mtengo mmene angafunire podziwa kuti mulibe kokadandaula. Kugulitsa kokhako ndi nkhani ya tsiku lathunthu. Kukwirira chuma pansi kunali kosowa. William Kidd anakwirira china pa chilumba cha Gardiners kufupi ndi New York mu 1699, chinafukulidwa posakhalitsa, iye n'kunyongedwa ku London mu 1701. Ngati mukufuna mapu a chuma ikanimo, palibe choletsa, bola muyankhe mafunso awiri: ndaninso wina akudziwa za chumacho, ndipo chikapezeka ndi lamulo liti la m'chombo limene lidzayesedwe?

Kumbukiraninso kuti ntchito ya mbendera yakuda inali kuopseza kuti ogwidwa adzipereke osamenya. Nkhondo imaboola chombo, imanyowetsa katundu, imapha anthu. Choncho chombo chilichonse chimene wotsogolera aika patsogolo panu chikhale ndi munthu kapena chinthu chokhudza mmodzi wa atengambali: dokotala amene mukumusowa, mnzake wa Kofi ali m'maunyolo, kalata yopita ku Bristol. Zovuta zenizeni zimayamba chombo chitadzipereka kale.

Chochitika choyamba konzani pamodzi, ndipo chiyambe zinthu zitavuta kale. Mkazi Wamasiye wagonekedwa pagombe, mizinga ili pamchenga. Bwato lafika ndi pepala la chikhululukiro. Mlonda ali pamwamba pa mtengo wakuwa kuti waona matanga chakum'mawa. Wotsogolera afunse aliyense kuti ali pati ndipo akuchita chiyani. Lekerani pomwepo; zotsatira musazikonze.

Mukatha kusewera tsiku lililonse

Sungani mphindi khumi zomaliza. Aliyense anene chimodzi chimene chamusangalatsa mwa zochita za mnzake ndi chimodzi chimene akufuna kuona ulendo wamawa. Gulu linene kumene chombo chikulowera, kuti wotsogolera akonze doko limodzi bwinobwino m'malo mwa asanu mwachisawawa. Wosewera mmodzi, osati wotsogolera, asunge buku la chombo: tsiku, malo, madzi ndi onga zotsala, amene wafa, lamulo limene laphwanyidwa, ngongole yatsopano. Funso limene layankhidwa lidulidwe, latsopano lilowe. Ngati pali wosewera amene wakhala chete, funso lokhudza mtengambali wake liyambirire ulendo wotsatira.

M'nkhani ya achifwamba kuukirana ndi kuperekana kumabwera ndithu. Wofuna kuti mtengambali wake apereke wa mnzake ayambe wanena kunja kwa nkhani, awiriwo avomerezane, ndiyeno asewere ndi mtima wonse. Mkangano ukatuluka m'nkhani n'kulowa pakati pa anthu enieni, ikani madayisi pansi, tulutsani pepala la tsiku loyamba, muwerenge zimene munagwirizana, musinthe zofunika kusintha.

Wina akalephera kubwera, mtengambali wake wagona ndi malungo kapena watsala kulondera chombo. Musamusankhire zazikulu, voti ya chikhululukiro imudikire. Mtengambali akafa kapena akasiyidwa pachilumba, watsopano atuluke mwa amalinyero a m'chombo momwemo, ayankhe mafunso anayi aja, atembenukire kumanzere ndi kumanja monga anachitira anzake. Gawo la womwalirayo pa zofunkha lisangoiwalika. Wogawa zofunkha aitanitse gulu ligamule ngati lipita kwa abale ake, kwa amene anali naye ngongole, kapena m'thumba la onse, ndipo ngati lipita kwa abale, asankhe munthu wokapereka ndi doko lokakumanirako.